Magalasi a ku Joni pa Chirundu cha Atate

Ndinanyamuka ku Mzuzu Lachisanu mbandakucha, mphepo ya mu Juni ikuluma makutu, nditavala majuzi awiri. M'chikwama munali shuga, sopo ndi masamba a tiyi a amayi, ndipo pakati pa zovala ndinabisa kabokosi kamene kanandinyamutsa ulendowu. Munali magalasi a dzuwa ochokera ku Joni, amene mlongo wanga Barnaba anatumiza kuti ndikapereke kwa atate ku Likoma.

Ndifotokoze kaye chimene chinavuta, mungandiyese munthu wowoloka nyanja chifukwa cha zodzikongoletsera. Atate ndi msodzi wa m'mudzi wa Yofu, pachilumba pomwepo. Chaka chatha anawachotsa ng'ala m'maso onse awiri, ndipo maso anatseguka ndithu, moti anayambanso kuwerenga buku la nyimbo. Koma dzuwa linayamba kuwazunza. Akangotuluka panja, makamaka akayang'ana pamadzi, misozi mbwee, mutu n'kuyamba kuwawa. Tinawagulira magalasi akuda a pamsika. Anati akavala amenewo dzuwa silivuta, koma zakutali zimasowa. Basi anangokhala m'nyumba, makatani chitsekere, munthu amene kale tambala ankalira ali pamadzi.

Tsono pali nkhani ya chirundu. Kwa inu a kumtunda, chirundu ndi phiri la miyala lobisika pansi pa nyanja, pomwe nsomba za utaka zimasonkhana. Pamwamba sipaoneka kanthu, ndi madzi okhaokha. Msodzi amachipeza poyang'ana kumtunda: mtengo wakuti ulunjikane ndi mwala wakuti, mbali inayo phiri lakuti libisale kuseri kwa linzake. Banja lathu lili ndi chirundu chake chaching'ono, chimene atate anachilandira kwa atate awo. Anthu a m'boti ankangopalasira komwe auzidwa. Zizindikiro ankazidziwa atate okha, ndipo ankasungira Barnaba, kuti akadzabwerako ku Joni adzamuonetse ndi chala. Barnaba kubwera ayi. Msuweni wanga Yohane, amene anatenga boti ndi chilimira, ukonde waukulu wa utaka uja, anafufuza mpaka kutopa, n'kung'ambitsa ukonde pamiyala yolakwika. Anthu ake anayamba kuthawira kumaboti ena. Amayi atandiimbira anangoti, "Agnesi, atate ako akuti chirundu apita nacho kumanda." Mtima unandiwawa zedi.

Magalasiwo si wamba. Ukasisita ndi chala kamkono kake kopita kukhutu kaja, amada pang'onopang'ono mpaka bii, ukabweza chala amayera ngati owerengera. M'timikono tomwemo muli timasipika, ndipo amalumikizana ndi foni popanda waya, moti utha kumva nyimbo kapena kuyankhula ndi munthu foni ili m'thumba. Barnaba anati, "Pamadzi azidetsa, akafuna kuona phiri aziyeretsa, ndipo ine ndidzakhala m'khutu mwawo kumva zonse." Nzeru za ku Joni zimenezo.

Ku depoti ndinakwera sienta ya ku Nkhata Bay, K8,000. Galimoto imeneyi anaipangira anthu asanu ndi awiri, koma ife tinalowamo khumi, kuphatikizapo bambo wina amene anakhala mpando umodzi ndi dalaivala. Nditadandaula za mtengo, dalaivala anandiyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Mayi, mukafunse mafuta, ine ndine wantchito wake chabe." Msewu wake ndi wokhotakhota, wotsetsereka, nthochi mbali zonse ziwiri. Pofika pa Mpamba thukuta linali litayamba, koma panalibe malo otukulira mkono kuti ndivule juzi. Ndinafika nayo choncho.

Pa Nkhata Bay ndinadya chinangwa chokazinga ndi kansomba ka batala, ndi tiyi wa shuga wambiri. Mayi wogulitsayo anandilonjera m'Chitonga, ine n'kuyankha m'Chitonga changa chopunduka, iye n'kuseka mpaka kundiwonjezera chinangwa. Atamva kuti ndikuwoloka, anayang'ana kumwera n'kupukusa mutu. "Mwera ulipo lero. Batala ameneyu mukamubweza kwawo."

Boti la ku Likoma linali lalikulu ndithu, la injini, lofolera pamwamba. Ndinalipira K25,000. Katundu analowa poyamba, anthufe pambuyo: matumba a ufa, simenti, mitolo ya malata, makatoni a zakumwa, firiji yatsopano yomangidwa ndi zingwe, ndi njinga yamoto. Ndinapeza malo pathumba la ufa, chikwama nditachikumbatira. Tinanyamuka dzuwa litakwera pang'ono. Titangotuluka m'dooko, mwera unatilandira, ndipo mawu a mayi uja anakwaniritsidwa pa anthu angapo. Ine ndine mwana wa pachilumba, ndinangotseka pakamwa n'kuyang'ana kutali.

Pafupi nane panakhala mayi wonenepa wansangala, dzina lake Filomena, wa ku Cobue kutsidya la Mozambique, amene ankabwerera kwawo ndi mapoto ndi zitenje zokagulitsa. Mafunde atachepako ndinatulutsa magalasi aja kuti ndizolowere kagwiritsidwe kake. Ndinavala, ndinasisita, anada. Ndinabweza, anayera. Filomena anasiya kusenda lalanje.

"Mana, tabwerezani," anatero, kunditcha mchemwali m'chiyankhulo cha kwawo.

Ndinabwereza, kenaka ndinamuveka n'kuyatsa nyimbo ya kwaya pafoni. Anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, n'kuyang'ana pansi pa benchi, kufuna wailesi. Atazindikira kuti ikulira m'makutu mwake, anakhala phee, akugwedeza mutu motsatira nyimbo.

"Amaonetsanso nsomba pansi pamadzi?"

"Ayi."

"Nanga ndalama za mwamuna m'thumba?"

"Ayinso."

"Ndiye sanawamalize kupanga," anatero akundibwezera, ndipo anandigawira theka la lalanje.

Tinaima pa chilumba cha Chizumulu masana, n'kutsitsa firiji ndi theka la simenti. Anthu a pamenepo anabwera ndi mandasi ndi usipa wowamba, ndinagula mandasi awiri. Titachoka, Likoma anayamba kutuluka m'madzi, milambe yake ili njo pamiyala, kuseri kwake mapiri a ku Mozambique. Ndaona zimenezi kambirimbiri, koma mtima umagundabe.

Tinafika cha m'ma 3 koloko. Ndinatsanzikana ndi Filomena, amene ankadikira boti lowolokera kwawo, ndipo ndinakwera kamtunda kupita ku Chipyela. Pamsika ndinagula buledi ndi tomato. Anyamata a njinga zamoto anandiitana, koma kwathu munthu wofika amayenda pansi kuti anthu amuone. Ndinadutsa pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha pachilumbachi n'kulowa kanjira ka ku Yofu, kodutsa m'minda ya chinangwa. Pachilumba palibe chinsinsi kupatula chirundu. Aliyense wokumana nane, akatha kulonjera, ankafunsa kuti, "Ndi mmenemo muli magalasi oyankhula aja?" Amayi anali atalengeza kale ku msonkhano wa amayi a mpingo.

Kunyumba ndinapeza amayi akuyanika chinangwa chovuula pathandala. Atate anali m'kati, mumdima, atakhala pampando wawo wa ndalema. Anali ataonda. Ndinagwada n'kuwapatsa moni.

"Wabwera, Agnesi?"

"Ndabwera, atate."

"Barnaba?"

"Watumiza magalasi."

"Ine ndinabereka mwana, sindinabereke magalasi."

Atate ukawayankha msanga umawataya, choncho ndinangotsegula kabokosi kaja. Ndinawaveka magalasiwo, n'kudetsa mpaka pakati, n'kuwagwira dzanja kupita nawo pakhonde. Dzuwa linali likadali ndi mphamvu. Anaima, akudikira misozi. Sinabwere. Ndinayeretsa pang'ono. Anayang'ana kunyanja nthawi yaitali, kenaka anati, "Boti lilo ndi la ndani, lopenta moipa chonchija?" Linali la Yohane. Amayi anaseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje.

Yohane mwini wake anatulukira posakhalitsa, atamva kuti amalume ake ali panja. Ndi mwana wa azakhali anga, choncho ine ndi iye sitilemekezana. "Wabwera mkazi wanga wa m'tauni," anatero. "Taona manja akewo, ngati buledi." Ndinamuuza kuti akapente kaye boti.

Vuto linaoneka pomwepo. Ndinawauza atate kuti ayese okha kusisita kamkono kaja. Anasisita, magalasi osasintha. Anasisitanso mwamphamvu, kanthu ayi. Zala za atate zinakulira pazingwe ndi pankhafi, chikopa chake n'cholimba moti amatola nacho khala la moto, ndipo magalasi a ku Joni sankamva kuti akhudzidwa ndi munthu. Yohane anati, "Amalume, tapatseni kuno." Zake zinakanikanso. Ananyowetsa chala ndi malovu, magalasi m'malo moda anayamba kuimba kwaya ija. Ndi chifukwa chake Yohane mpaka lero amagwiritsa ntchito kafoni ka mabatani. Ine nditangokhudza, anada.

Tonse tinayang'anizana. Kwathu mkazi sakwera boti la usodzi. La ulendo amakwera, koma la chilimira ayi, amati nsomba zimathawa. Ine ndinakula ndikudikira pamchenga ndi beseni, ndipo sindinaganizepo n'komwe zofunsa chifukwa chake. Koma pamadzi atate ankafunika kudetsa ndi kuyeretsa magalasi nthawi ndi nthawi, ndipo pakhomo ponse chala chimene magalasiwo ankachimvera chinali changa. Madzulo amenewo atate anadya kondowole, nsima yathu ya chinangwa, ndi utaka wogula kwa anansi, n'kudandaula kuti msodzi kudya nsomba yogula ndi manyazi.

M'mawa mwake, Loweruka, anandidzutsa okha. "Vala za ntchito. Mwera wagona."

Pagombe tinapeza Yohane ndi a Mateyu, bambo wachikulire amene wakhala akupalasira atate kuyambira ine ndisanabadwe. Ataona ndikukwinya chitenje kuti ndikwere, a Mateyu anaika nkhafi pansi.

"Akulu, mkazi m'boti?"

"Mkazi watsala kunyumba ndi mayi ake," anatero atate. "Amene akukwerayu ndi maso anga. Kodi munthu amasiya maso pagombe?"

"Nsomba zikathawa, musadzati sindinanene."

"Zithawa bwanji nsomba zomwe sitikuziona n'kale?" anatero Yohane.

A Mateyu anatola nkhafi yawo akung'ung'udza, koma ndi iwo amene anandigwira dzanja pokwera. Ukonde sitinatenge. Tinangotenga chingwe chachitali chomangirira mwala kumapeto, choyezera kuya kwa madzi.

Ndinati ndimuimbire Barnaba monga tinapanganira. Atate anakana. "Chirundu satchulira pafoni. Mawu amadutsa m'makutu ambiri asanafike ku Joni." Foni inabwerera m'pulasitiki.

Yohane analiza kainjini kake mpaka titatalikira, kenaka anazimitsa chifukwa cha mafuta, iye ndi a Mateyu n'kugwira nkhafi. Atate anakhala kutsogolo atayang'ana kumtunda, ine kumbuyo kwawo, chala chili pakhutu lawo. Mawu awo anabwerera aja akale, a munthu wolamula boti.

"Detsa. Yohane, kumanja. Yeretsa, ndione phiri. Wapyola, bweza pang'ono. Mateyu, mwakalamba kodi?"

Tinayenda choncho nthawi ndithu, mkono wanga mpaka kuchita dzanzi. Chizindikiro choyamba anachipeza msanga, cha kumbali ya ku Mozambique. Chachiwiri n'chimodzimodzi. Chachitatu chinali kumtunda kwathu ku Yofu, ndipo pamenepo mawu anatha. Anati ndiyeretse, ndinayeretsa. Misozi inayamba kutsika pansi pa magalasi. Anatembenuza nkhope, anayesanso, anatembenuzanso.

"Sindikuchiona," anatero motsitsa mawu. "Pali moto pamenepo."

Ndinayang'ana komwe ankayang'ana. Kumtunda kunali chinthu chothwanima kwambiri, moti ngakhale ine maso anandiwawa. Ndinaseka mosafuna, ngakhale mantha anali atandigwira. Linali denga la nyumba yathu yomwe. Malata atsopano amene Barnaba anatumizira ndalama zake chaka chatha ndi amene ankabweza dzuwa, ndipo atate anali asanawaonepo ali pamadzi.

"Tibwerere," anatero atate. "Zatha basi."

Yohane anagwetsa nkhope. Ine ndinadziwa kuti tikabwerera, atate alowanso m'chipinda chija ndipo sadzatulukanso. Sindinapemphe chilolezo. M'malo moyeretsa monga ankalamulira, ndinasisita chala mpaka kumapeto, magalasi anada bii.

"Iwe, ndati chiyani?"

"Tayang'ananinso, atate. Kuseri kwa malatawo."

Kenaka ndinamva khosi lawo likuwongoka pansi pa dzanja langa. Moto wa malata utazima m'magalasi, chimene chinali kuseri kwake chinaoneka: mlambe wa kuseri kwa nyumba yathu, womwe ndinakulira ndikusewera pansi pake, osadziwa kuti uli pantchito.

"Kumanzere, Yohane. Pang'ono. Pang'ononso. Imani."

A Mateyu anaponya mwala uja. Chingwe chinatsika, chinatsika, ndipo chisanafike ndi theka lomwe chinalefuka. Mwala unali utakhala pamwala unzake. Yohane anachikoka n'kuponyanso cha pambali pang'ono, ndipo chingwe chonse chinatha osagunda kanthu. Anakhala pansi n'kugwira mutu. "Ndakhala ndikudutsa pompano," anatero. "Pompano penipeni, ngati chitsiru."

"Ngati?" ndinamufunsa. Anandithira madzi ndi nkhafi.

Atate anamuitana kuti akhale pambali pawo. A Mateyu, osauzidwa ndi munthu, anatembenuka n'kuyang'ana m'madzi, chifukwa chirundu si cha banja lawo. Atate anamuonetsa Yohane zizindikiro zonse zitatu ndi chala, akunong'ona, n'kumuuza kuti abwereze. Ine ndinayamba kusuntha kuti ndiwapatse malo. Anandigwira mkono.

"Ukupita kuti? Bwera apa. Yang'ana kumene kwaloza chala changa."

Anandionetsa chimodzichimodzi, monga anachitira ndi Yohane, ndipo nditalakwitsa chachiwiri anandikalipira monga akanakalipira mwana wamwamuna. Za mlambe ndakuuzani. Zinazo musayembekeze.

Atatha anati, "Tsopano muimbire mnyamata uja."

Netiweki inavuta, foni inkafuna kugwira ya ku Mozambique, koma kenaka inalowa. Mawu a Barnaba anatuluka m'timikono ta magalasi, aang'ono ngati a udzudzu, ndipo tonse tinasendera pafupi ndi mutu wa atate, ndi a Mateyu omwe.

"Barnaba, ndili pa chirundu."

"Mwafika, atate? Mukuona?"

"Ndikuona. Malata ako anatsala pang'ono kundisocheretsa, koma magalasi ako andibweza. Tamvera. Ndakudikira nthawi yaitali, mwana wanga, ndipo sindikukuimba mlandu, kumeneko ukudyetsa ana. Koma sindidikiranso. Ndamuonetsa Yohane, ndamuonetsanso Agnesi. Tsiku limene udzabwere, udzapemphe kwa mlongo wako."

Barnaba anati, "Zikomo, atate." Ine ndinalira poyera, osabisa. Ndinali wokondwa kuposa tsiku la ukwati wanga, ndipo bambo a kunyumba akawerenga izi andikhululukire.

Pobwerera atate anati ndiwayatsire kwaya ija, ndipo anaimba nawo besi mpaka kugombe. Anthu anali atasonkhana kudzaona mkazi akutsika m'boti la chilimira. A Mateyu anawauza kuti iwo sanaone mkazi aliyense.

Lamulungu atate anayenda pansi mpaka ku tchalitchi ku Chipyela, koyamba chichitireni opaleshoni. Pakhomo anaima kuti ndiwayeretsere magalasi, chifukwa anati munthu salowa m'nyumba ya Mulungu atabisa maso. Nkhawa yanga inali yoti ndikachoka adzawasinthira ndani. Madzulo ake amayi, amene poyamba ankati zamagetsi sakhudza, anayesa ndi chala chawo chofewa ndi madzi ovuulira chinangwa, ndipo magalasi anamvera. Atate anadandaula kuti tsopano akayamba kulongolola, amayi azingowadetsera. Amayi sanakane.

Lolemba m'mawa ndinakweranso boti lomwe lija, ulendo uno mopepuka, chikwama chili ndi ufa wa kondowole wokha. Tinazungulira cha kumpoto kwa chilumba. Ndaona Likoma ndili pamadzi kuyambira ubwana, koma nthawi zonse ngati mlendo wodutsa, woona mitengo ndi miyala basi. Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti kwanu ukhoza kubadwirako, kukulirako, n'kukhalabe usanakuone. Ndinaima kumbali ya boti n'kumayang'ana mlambe wathu ukusendera pang'onopang'ono kumalo ake. Utangofika, ndinatembenuka, ndipo patali ndinaona boti lopenta moipa lija ndi mabwato ake awiri, anthu ataimirira akukoka chilimira.

Bambo wina wa jekete, wobwera ku boma kudzagwira ntchito, anaima pambali panga n'kuyang'ana komwe ndinkayang'ana.

"Mayi, mwaona chiyani kumeneko?"

"Palibe, bambo," ndinatero. "Ndi madzi basi."